Ukwati ndi Maliro pa Pepala Limodzi

Panali munthu wina, telala, amene ankasokera pakhonde la sitolo pa kamsika kena ka kumapiri a ku Ntcheu. Anali wa mawu ochepa, koma wouma mutu kwambiri. Mkazi wake, Nangozo, atamwalira, bamboyo anayamba kulemba za moyo wawo, kuyambira tsiku la ukwati mpaka tsiku limene anakamuika m'manda. Analemba, kufufuta, kulembanso, mpaka nkhani yonse inatha.

Mwambo wa chiliza utayandikira, anaganiza zosindikiza kabuku koti akagawire abale pa tsikulo. Chinkamudya mumtima n'chakuti adzukulu ake anamudziwa Nangozo ali wodwala kale, mayi wa pamphasa wochita kutembenuzidwa. Iye ankafuna kuti anawo amuone agogo awo akuyenda, akuseka, akukalipa. Kabukuko kakanalephereka, Nangozo akanatsala wodwala m'mitima mwawo mpaka kalekale.

Anapita ku boma, kwa mayi wina wosindikiza makadi a ukwati ndi mabuku a nyimbo. Mayiyo anataipa zonse pakompyuta, makina n'kutulutsa mapepala mulu wathunthu.

"Tikupindireni ndi kumenya mawaya, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Waya amachita dzimbiri, mayi. Mkazi wanga sindingamumange ndi waya. Ndikasoka ndekha."

Mayi uja anati afotokoze kanthu, koma telala anali atasenza kale mtolo wake. Munthu amene wakalamba ndi singano m'manja, ungamuuze chiyani za kusoka?

Atafika kunyumba anamasula mtolo, mutu n'kuima. Pepala lililonse linali lalikulu, masamba awiri mbali ino, awiri kuseri, koma masambawo sankatsatana. Tsamba loyamba, la ukwati, linali pambali pa tsamba lomaliza, la maliro. Kubadwa kwa mwana wachisamba kunayandikana ndi chiyambi cha matenda. Chaka chimene anagula makina osokera chinagundana ndi chaka chimene miyendo ya Nangozo inakana kuyenda. Zinamupweteka kwambiri, ndipo anapsa mtima.

"Nthungululu ndi maliro pa pepala limodzi," anadandaula yekha. "Anandiona ngati chitsiru mayi uja."

Mwambo unali mkucha, ndipo kubwerera ku boma kunali kosatheka. Choncho anachita zimene telala aliyense amachita chinthu chikapanda kukhala bwino. Anatenga sizasi. Anadula pakati mapepala a kabuku kamodzi, n'kusanja masamba aja m'ndondomeko yake. Tsopano nkhani inkatsatana bwinobwino, ukwati kutsogolo, maliro kutali kumapeto, monga iye ankafunira.

Koma atapita nawo pamakina, singano inasowa podutsa. Akasoka m'mphepete, ulusi unkadya mawu. Akausendeza kunja, pepala linkang'ambika. Ali mkati molimbana nawo, kamphepo kanalowa pazenera n'kumwaza masamba onse pansi, lina kunsi kwa tebulo, lina pakhomo. Kabuku kamodzi kanali katawonongeka, iye sizasi idakali m'manja, mulu wonse ukudikira kudulidwa.

Anakhala pansi. Pamwamba pa muluwo panali pepala lina ngati lija linamupweteka. Posafuna kuonanso ukwati ndi maliro zili pamodzi, analipindira kumbuyo monga amapindira nsalu, n'kukanikiza mpindirowo ndi chikhadabo. Ukwati unatsala pamwamba, maliro anapita kuseri. Pepalalo linatseguka m'manja mwake ngati buku, ndipo mkati, kumanzere, munali tsamba lachiwiri.

Anatenga pepala lotsatira, kulipinda, kulilowetsa mkati mwa linzake. Tsamba lachitatu linagwera pamalo pake. Anapinda lina, kenako lina. Tsamba lililonse limene ankati lasochera linkapeza malo ake popanda womulondolera. Atamaliza anawerenga kuyambira koyamba mpaka kumapeto, osapeza polakwika ngakhale pamodzi. Ndipo pepala lija ankadana nalo, la ukwati ndi maliro, ndi limene linafungatira ena onse.

Kenako anatsegula pakati penipeni, pamene singano inayenera kudutsa. M'mulu wonse, ndi pepala ili lokha limene linali ndi masamba awiri otsatana, oyang'anizana. Pamenepo panalibe ukwati, panalibe kubadwa, panalibe imfa. Panali nkhani ya tsiku wamba, limene mvula inawapeza kudimba, iwo n'kubisala pansi pa tsamba limodzi la nthochi, Nangozo akumuseka kuti telala wamkulu wa pamsika wavala buluku lobooka kumbuyo. Polemba paja anatsala pang'ono kuichotsa, poiyesa nkhani yopanda pake.

Telala anayang'anitsitsa masamba awiriwo. Mantha aulemu anamugwira, ngati munthu amene walowa m'tchalitchi asakudziwa. Anazindikira kuti amene anayala masambawo anali ataona buku lonse lisanapindidwe, ndipo kuti chisokonezo chija chinali dongosolo limene maso ake sanathe kuliona. Misozi inatsika, iye osaipukuta. Anaponya sizasi m'dirowa, analowetsa ulusi woyera m'singano, naponda makina. Ulusi unadutsa pakati pa tsiku la mvula lija, n'kugwira buku lonse.

Pa tsiku la chiliza, adzukulu anakhala pamwala n'kumawerengerana kabukuko. Anthu anadabwa kumva ana akuseka pafupi ndi manda, koma telala sanawaletse.

Inu amene mukundimvetsera, moyo timaulandira usanapindidwe. Chimwemwe chimabwera pepala limodzi ndi chisoni, ife n'kumati Mwini wake walakwitsa. Ndiye timathamangira sizasi, kuti tidule zaka zowawa, tidule anthu amene atipweteka, tisanje zinthu m'mene ife tikufunira. Chodulidwa sichigwiranso chinzake, abale anga. Ikani sizasi pansi. Amene anayala masamba anu analiona buku lonse, ndipo zimene zikukuliritsani lero mwina ndi zimene zafungatira zonse zabwino zimene munapatsidwa. Musanyozenso masiku wamba, a kudimba, a pamsika, a kusekana ndi wa m'nyumba mwanu. Mwina tsiku la lero, limene mukuliyesa lopanda kanthu, ndi pamene padzadutse ulusi.