Khanda Lodikira Dzina

Kalekale, koma osati kale la makolo athu ayi, kale la posachedwapa mafoni atafika m'midzi, mumzinda wina munali ana atatu a mimba imodzi. Woyamba kubadwa anali wamkazi, dzina lake Ulemu. Womuponda pamutu anali Lonjezo, ndipo mzime anali Fatsani. Onse atatu ntchito yawo inali yolemba mapulogalamu a kompyuta, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsalu. Pulogalamu yomwe ankainyadira inali yothandiza anamwino a m'zipatala zazing'ono. Wodwala akafunika magazi, namwino ankangoyang'ana pafoni n'kuona chipatala chomwe chili ndi magazi a gulu lake, uthenga n'kupita kwa dalaivala wa ambulansi kumuuza kolowera.

Ulemu ndiye anali mmisiri wa nyumba yonse. Poyamba pomwe anakana kumanga pulogalamuyo ngati chinyumba chopanda zipinda, chomwe denga likadontha pakona aliyense amanyowa. Anaigawa m'tizipinda: kolandira malipoti a zipatala pakokha, koonetsa anamwino pakokha, kolankhula ndi madalaivala pakokha. Anaikanso lamulo loti chatsopano chikalowa, chakale chisatayidwe, chizikhala pafupi kuti zikavuta athe kubwerera. Alongo ake ankadandaula.

"Achemwali, anzathu atulutsa kale zawo, ife tikadali kukumba maziko!"

"Zikawagwera mudzandiuza," ankayankha choncho, maso ali pakompyuta.

Lonjezo anali mlonda. Analemba mayeso omwe chatsopano chilichonse chinkayenera kukhoza chisanafike kwa anamwino. Anapanganso kabelu, kapulogalamu kosagona koyang'anira nyumba yonse, komwe kakaona chachilendo kankaliza foni yake. Foniyo inkalira kumaliro, kutchalitchi, ngakhale ali kubafa, mpaka chibwenzi chake chinamufunsa ngati akufuna kukwatira munthu kapena foni.

Fatsani anali wa manja othamanga. Ankagwira ntchito ndi makina anzeru a masiku ano aja, omwe ukawafotokozera chomwe ukufuna amakulembera pulogalamu pomwepo. Zomwe ena ankazilimbana nazo mpaka thukuta, iye ankamaliza tiyi asanazizire.

Tsiku lina anamwino anadandaula kuti netiweki ikafooka pulogalamu imachedwa kuyankha. Fatsani anapeza njira: m'malo mofunsa zipatala nthawi iliyonse, pulogalamu izisunga yankho lomwe yalandira n'kumaonetsa lomwelo kwa kanthawi. Mwambo wa atatuwa unali woti chomwe walemba mmodzi, wina achiwerenge chisanalowe. Ulemu anachiwerenga chothamanga, mtima uli ku ukwati wa mnzake womwe ankayendetsa, n'kuvomera. Mayeso a Lonjezo nawo chinakhoza. Koma munali kachilema: pulogalamu ikasunga yankho, inkaiwala kukafunsanso. Magazi omwe anatha kale ankaonekabe ngati alipo.

Loweruka masana, pachipatala china chakumudzi, Nangondo, mkazi wa a Mkwanda okhoma zidebe, anabereka mwana wamkazi, koma magazi sanasiye kutuluka. Namwino anayang'ana pafoni n'kuona kuti magazi a gulu lake ali kuchipatala cha paboma. Ambulansi inanyamuka, a Mkwanda atagwira dzanja la mkazi wawo lomwe linkazizirabe. Koma kuboma kuja magazi anali atatha. Omwe analipo anali kuchipatala cha mishoni, njira ina.

Lonjezo anali m'minibasi pomwe kabelu kanalira. Anaona kuti manambala a magazi sanasunthe chiyambire m'mawa. "Chipatala chanji chosagwiritsa ntchito magazi Loweruka la kumapeto kwa mwezi?" Anatsika pomwepo, kondakitala akumukuwiza. Ataunika bwino pafoni anaona ambulansi ili panjira, ikutsatira manambala akufawo. Matenda anawaona, koma sabata imeneyo munali mutalowa zatsopano zambiri, ndipo sanadziwe chomwe chawabweretsa. Kuimbira zipatala chimodzichimodzi kukanadya nthawi yomwe mayiyo analibe. Anaimbira Ulemu, foni yozimitsa. Anaimbira Fatsani.

Fatsani anali pampando wometera, mutu utasalala mbali imodzi.

"Manambala aima? Achimwene, musavutike kufufuza, ndi changa chija!"

Anakankha dzanja la wometa, anatulutsa kompyuta m'chikwama, tsitsi likugwera pamabatani, n'kuchotsa chatsopanocho, kubwezerapo chakale.

Chifukwa cha mamangidwe a Ulemu, chakalecho chinali pomwepo chikudikira, ndipo kugwedeza kachipinda kamodzi sikunagwetse kolankhula ndi madalaivala. Zoona zinaonekera. Uthenga unam'peza dalaivala atatsala pang'ono kupitirira mphambano, ndipo anakhotera kumishoni. Nangondo anafika akupumira m'mwamba, anamuika magazi, napulumuka. Ulemu anazimva zonsezi ukwati utatha, nsapato zovinira zili m'manja.

Mchombo wa khanda utagwa, a Mkwanda anafunsira kwa namwino ndi dalaivala mpaka anakwera masitepe a pamwamba pa sitolo paja. Nangondo anali pambuyo pawo, mwana ali m'manja.

"Mabwana," anatero a Mkwanda, chipewa chili pachifuwa, "ine mu ambulansi muja ndinalumbira. Ndinati amene andipulumutsire mkazi wanga, mwanayu atenga dzina lake. Anesi akuti si iwo, iwo anangotsatira foni. Adalaivala akuti uthenga unachokera kuno. Azakhali ake a mwanayu akudikira kumudzi kuti amve dzina. Ndiye ndiuzeni, ndani mwa inu?"

Fatsani anadzuka msangamsanga, akukonza kolala.

"Bambo, mwafika. Dzanja lomwe linabweza zinthu m'malo ndi ili. Kamtsikanaka kakhale Fatsani, dzina lofatsa bwino."

"Khala pansi iwe," anatero Lonjezo. "Wotentha tchire ndiwe, lero ukufuna kuomberedwa m'manja poti unabwera ndi madzi? Pakanapanda kabelu kanga bwenzi ukumetetsabe chimutu chakocho."

"Kabelu kanu kanalira inde, achimwene, koma mukanatani? Munaima pamsewu ngati mbuzi yosokera. Ndipo wakuba analowa bwanji mlonda ali pachipata? Si mayeso anu omwe anachikhozetsa?"

Ulemu anaseka chapansipansi.

"Ana inu, mukukangana muli m'nyumba ya ndani? Iwe unaona, iwe unabweza. Unabwezera kuti? Njira yobwerera anaisiya ndani, muja munkandinena kuti ndikuchedwetsa ntchito? Ikanakhala nyumba yopanda zipinda yomwe munkaifuna ija, mukanazimitsa zonse, dalaivala osamva kanthu."

"Achemwali, inu ndiye musayambe," anatero Lonjezo. "Tsiku la nkhondo munali kuvina. Ndipo diso lachiwiri lomwe linavomera chilemacho linali la ndani?"



A Mkwanda anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo.

"Pepani mabwana, kodi ndiye kuti amene anakonza ndi yemwe anaononga?"

"Bambo, ndikufotokozereni," anatero Fatsani, mawu atatsika. "Pantchito yathuyi tili ndi mwambo. Zikalakwika timakhala pansi, koma sitifunsa kuti walakwa ndani. Timafunsa kuti chibowo chili pati, n'kuchitseka. Tikamalozana zala, mawa wolakwa adzabisa, ndipo munthu adzafa tikufufuza. N'chifukwa chake ine sindinachedwe kunena kuti ndi changa. Cholakwa muno chilibe mwini. Anakhazikitsa mwambowu ndi achemwali omwewa."

"Zoona," anatero Ulemu. "Koma ngati cholakwa chilibe mwini, kuyamikidwa kukhala bwanji ndi mwini? Sungakane ndowe n'kutenga mkaka, ng'ombe ndi imodzi."

"Ndiye ngati zili choncho, nanunso chotsani dzanja," anatero Lonjezo.

Nangondo anafunditsa bwino mwana wake.

"Bambo ake, bwanji tingomupatsa maina onse atatu?"

"Ayi mayi," anayankha a Mkwanda mofatsa. "Ena adzadzipezera yekha akakula. Koma dzina la pamchombo ndi limodzi, ndipo ine ndinalumbirira munthu mmodzi. Sindingabwerere kumudzi ndi mwana wopanda dzina."

Khanda lija linadzuka n'kuyamba kulira. Atatu aja anasiya mkangano n'kuliunjirira, aliyense akulitonthoza, koma panalibe wodziwa kuti aliitane kuti chiyani.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, thandizani a Mkwanda. Ulemu anamanga njira yobwerera, koma anavomera chilema ndipo tsikulo kunalibe. Lonjezo anaona ngozi pomwe wina aliyense sankaiona, koma inadutsa pachipata chake ndipo yekha sakanaichotsa. Fatsani anaichotsa ndi dzanja lake mosabisa kanthu, koma dzanja lomwelo ndi lomwe linaibweretsa. Mukanakhala inu mwanyamula khandali, azakhali akudikira kumudzi, mukanalitcha dzina la ndani?