Kanyali Kobisika ndi Dzina la Mwana

Kalekale, masiku amene ine ndinkadzutsa malole ogubuduzika ndi dzanja limodzi, ku Dedza kunali bambo wina dzina lake Faitoni Chikuse. Mkazi wake Esinati anali woyembekezera, chipatala chawo chili kunsi kwa phiri. Ndiye anagula kagalimoto, napita nako kugalaja ya abale atatu, Watisoni, Edesi ndi Gelesomu, kuti angothiramo oyilo.

Watisoni, wamkulu, atangopotokola kiyi anati, "Achimwene, tinyali tonse ta pachiwongolero tayaka, nanga ka mabuleki a ABS, oletsa kutsetsereka aja, kali kuti?" Anakanda ndi chikhadabo, nkumatula tepi yakuda imene wogulitsa anamata. Kanyali kachikasu kali ngwee, osazima!

Edesi, mlongo wawo, anatenga makina ake oyezera nkuwalumikiza kunsi kwa chiwongolero. Makina amenewo, anthuni, ngakhale njinga yakapalasa imaulula machimo. "Matayala atatu akuyankha," anatero Edesi. "Lakumbuyo kumanzere lili duu. Mukaponda buleki pamvula, galimotoyi idzatsetsereka ngati sopo."

"Si bodza la makina limenelo, achemwali?" anafunsa Faitoni.

"Bodza linali tepi ija, bambo."

Gelesomu, wotsiriza, anakwawira kunsi napeza waya wa tayalalo atadulidwa ndi khoswe. Khosweyo ndinamuona ndekha, msinkhu ngati thole! Atalumikiza, Edesi anayezanso, kanyali nkuzima. Gelesomu anamutengera Faitoni pamsewu wafumbi. "Pondani buleki! Likamanjenjemera phazi musachotse, ndiye kuti akugwira. Inu muzingowongolera."

Patatha sabata, matenda anamuyamba Esinati m'mawa, mvula ikugwa yoti nsomba zinkasambira pamwamba pa mitengo. Akutsika mtsetse wa Khwekhwerere, pakona anangoti gululu ndi ngolo ya ng'ombe. Kumanja phompho, kumbuyo mkazi akubuula. Faitoni anaponda, buleki nkuyamba gwedegwede pansi pa phazi. Mtima unati chotsa, mawu a Gelesomu anati ayi. Anakanikiza, nakhotetsa, nkuilambalala ngoloyo. Mpata wotsala, ngakhale lumo silikanalowa.

Mwana anabadwa wamwamuna, ndipo Faitoni analumbira kuti amutcha dzina la amene anawapulumutsa. Atafika kugalaja anapeza mlandu.

"Ndikanapanda kumatula tepi, mukanayeza chiyani?" anatero Watisoni.

"Kanyali kamangolira, sikatchula matenda," anatero Edesi. "Tayala ndinaloza ndine. Mwanayo akhale Edisoni, zatha."

"Kuloza aliyense amaloza," anatero Gelesomu. "Matope ndinadya ndine, ndipo phazi lija ndinaliphunzitsa ndine."

Faitoni anabwerera kwawo atagwira mutu. Mchombo wagwa, tsiku lotulutsa mwana m'chikuta lakwana, ndipo Esinati wanenetsa kuti mwana wake si sitolo yoti alembepo mayina atatu.

Ine yankho ndili nalo, poti sindinalepherepo mlandu chibadwire, koma lero ndikufuna ndimve nzeru zanu. Mwanayu atchedwe ndani: amene anavundukula kanyali, amene anafunsa galimoto nkumva yankho, kapena amene analumikiza waya nkuphunzitsa phazi?