Mlongoti wa a Kaputeni

M'nyumba ya a Kaputeni munali chipinda chimodzi chimene ngakhale tsache silinkalowamo popanda chilolezo. Chinali kumapeto kwa kolido, ndipo kiyi wake ankakhala m'thumba la malaya a mwini wake. M'katimo, pa mashelefu atatu okhomedwa kukhoma, munali sitima za pamadzi khumi ndi ziwiri, iliyonse yosaposa mkono kutalika, zonse zopangidwa ndi manja awo kuyambira pansi mpaka pansonga ya mlongoti.

Dzina la Kaputeni linali la nthabwala chabe. Mkuluyu anali asanapondepo m'sitima yeniyeni chibadwire. Anagwira ntchito zaka makumi atatu mu ofesi yojambula mapulani a nyumba, ndipo anzawo ankati ngakhale ngalande ya m'mbali mwa msewu ankaiwoloka atayamba apemphera. Koma atapuma pa ntchito, akazi awo n'kumwalira chaka chotsatira, manja amene anazolowera rula ndi pensulo anasowa chogwira. Anayamba ndi kasitima kogula m'bokosi, kongolumikiza zidutswa. Kenaka anayamba kudzijambulira okha mapulani, sentimita imodzi kuimira mita imodzi, n'kumacheka timatabwa topyapyala ngati chikhadabo, kutiviika m'madzi otentha kuti tipindike, n'kutimata kamodzikamodzi. Zingwe za matanga ankazimanga ndi ulusi, magalasi ali pamphuno, mpweya ataugwira. Munthu akagogoda pa nthawi yotere ankayankhidwa ngati wabwera kudzaba.

Ankakhala ndi mwana wawo wamwamuna, mmisiri wokonza mafiriji, pamodzi ndi mkazi wake, yemwe anali namwino. Mpongoziyu ndiye anali mzati wa nyumbayo. Akaweruka kuchipatala miyendo itatupa ankaphika, kuchapa, ndi kupirira fungo la guluu ndi vanishi lomwe linkalowerera mpaka m'makatani. A Kaputeni ankamutchula kuti amayi, iye n'kumawatchula kuti bambo, ndipo ulemu sunkasowa patebulo. Banjali linali litatha zaka zisanu ndi chimodzi lopanda mwana. Kawiri konse mayiyu anapita padera, ndipo kachiwiriko anagonekedwa sabata yathunthu m'chipatala chomwe ankagwiramo ntchito. M'nyumbamo nkhani imeneyi ankailambalala ngati dzenje la pakati pa njira: aliyense ankadziwa pamene lili, ndipo palibe ankapondapo.

Sitima imene a Kaputeni ankainyadira koposa inali yomaliza, ya milongoti itatu, imene inawadyera zaka ziwiri. Inali itauma vanishi, itakhala pa shelefu ya pansi motsamira khoma, ikudikira chionetsero cha kalabu yawo ya opanga tisitima chomwe chinali kudzachitika mwezi wamawa.

Tsiku lina akumwa tiyi, mpongozi uja anayamba kunena kuti waona chinachake m'kolido, pafupi ndi chitseko cha chipinda chawo, ndipo ndi bwino atalowamo limodzi akaone. A Kaputeni sanamulole kumaliza. Anati za m'chipindamo azisiyira iwo, aliyense ali ndi kwake kosesa. Patapita masiku atatu mwana wawo anayesanso. Atangoti mkazi wake akudandaula za chipinda chija, mkuluyo anamenya tebulo ndi supuni. Mumtima mwawo anali ataganiza kale kuti ana awiriwa akuchifuna chipindacho, mwina kuti asungiremo mafiriji akufa, ndipo anauza mnyamatayo kuti amene akufuna chipinda adikire maliro. Mwana wawo, yemwe ankawadziwa bambo ake akapsa mtima, anatola chikwama cha zipangizo zake n'kupita kuntchito.

Loweruka m'mawa a Kaputeni anasintha malaya n'kupita kukameta. Anapeza wometa watseka. Pobwerera, ali pageti, anagwira m'thumba n'kupeza kiyi mulibe. Anawoloka bwalo mwaliwiro limene mawondo awo anali ataliiwala, n'kudutsa mwana wawo yemwe ankatsuka injini ya firiji pakhonde. Chitseko cha kumapeto kwa kolido chinali chotsekula. Mpongozi wawo anali atagwada pansi, sitima yaikulu ija ataisuntha pamalo pake, ndipo m'dzanja lake munali mlongoti wapakati, wothyoka patsinde, ulusi uli lendelende.

Magazi anawathamangira kumutu. Mayiyo anatembenuka n'kuyamba kunena kuti, bambo, taonani kuno, koma mawu ake anamira m'mawu awo. Anamufunsa kuti kiyi wamuba liti. Anamufunsa ngati kuchipatala amaphunzitsa kupisa m'matumba mwa anthu. Ulemu wonse wa zaka zisanu ndi chimodzi unagwa ngati chipupa cha dothi m'dzinja, ndipo kwa nthawi yoyamba anamutchula kuti iwe.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikuchilera chinthu chimenechi," anatero. "Iwe ungadziwe chiyani za kulera? Chilichonse chimene wanyamula iwe chimagwa. Ngakhale m'mimba mwakomo simukhala kanthu."

Mayiyo anawayang'ana kumaso, chinthu chimene anali asanachitepo. Kenaka anaika mlongotiwo patebulo mosamala, kiyi pambali pake, n'kuimirira.

"Ndamva, bambo," anatero, n'kutuluka.

Mwana wawo anali ataima pakhomo, manja ali bii ndi oyilo. Nkhope yake inali yosazindikirika. Sanakweze mawu, koma anauza bambo ake kuti mawu amenewo awabweze nthawi yomweyo, mkazi wake asanafike kuchipinda. A Kaputeni anati sabweza kanthu. Anati wakuba akagwidwa sapepesedwa, nyumba ndi yawo, anaimanga ndi thukuta lawo, ndipo amene watopa nayo khomo lili apo. Mnyamatayo anawayang'ana nthawi yaitali, akupukuta manja ndi kansanza, n'kunena kuti khomolo aliona.

Lachitatu kunabwera lole yaing'ono. Inanyamula bedi, kabati, mapoto ndi makatani. A Kaputeni anadzitsekera m'chipinda chogona mpaka phokoso la injini litazimirira, ndipo palibe anagogoda kudzatsanzika.

Masabata atatu otsatira mkuluyo anaufungatira mkwiyo wake ngati nkhuku pa mazira. Chipinda cha sitima anachikiya, osafuna n'kuona komwe chilonda cha mlongoti. Kukalabu anafotokozera aliyense amene anali ndi makutu, ndipo nkhaniyo inkanenepa tsiku ndi tsiku: mpongozi wansanje, mwana woikidwa m'botolo, ana a masiku ano opanda mwambo. Mawu amene iwo ananena okha ndiwo ankawadumpha. Madzulo ankadya buledi ndi tiyi ataimirira kukhitchini, akukangana ndi anthu amene panalibe, ndipo mikangano yonseyo ankapambana. Foni ikalira ankaiyang'ana, akaona kuti si mwana wawo mkwiyo unkawonjezeka.

Chionetsero chitatsala masiku asanu anaganiza zokonza mlongotiwo. Anatsekula chipinda, kuika sitimayo patebulo, n'kutenga kachitsulo koboolera kuti ayeretse dzenje lolowetsamo mlongoti watsopano. Kachitsuloko kanalowa kokha ngati kakulowa m'phulusa. Anagwira m'mbali mwa sitimayo kuti aitembenuze, ndipo chala chawo chachikulu chinabowola n'kulowa m'kati. Munatuluka dothi. Pambuyo pa dothilo panatuluka tizilombo toyera, tikuthawa kuwala.

Chinali chiswe. Anagwada pamalo pomwe mpongozi wawo anagwada, n'kusuzumira kuseri kwa shelefu. Kanjira ka dothi kanachokera mu mng'alu wa pansi pafupi ndi chitseko, n'kukwera khoma mpaka shelefu ya pamwamba, kakuchita nthambi ngati mitsempha. Anayamba kutsitsa sitima zawo imodziimodzi. Ina inaphwanyikira m'manja ngati chikhokho cha dzira. Ina inasiya pansi pake pa shelefu. Mwa khumi ndi ziwiri zija, zisanu ndi zitatu zinali zitatsala vanishi yekha, zokongola kunja, m'kati muli dothi lokhalokha.

Anatukwana chiswe. Anatukwana wogulitsa matabwa, ndi amene anawaka simenti ya pansi zaka makumi awiri zapitazo. Anaponya botolo la guluu kukhoma. Atatopa anaitanitsa munthu wopopera mankhwala, yemwe anafika masana ndi pampu yake kumsana. Munthuyo anayendera nyumba yonse, akugogoda mafelemu ndi kiyi, n'kuima m'kolido. Anawaonetsa pamene kanjira ka chiswe kanapalidwa ndi mpeni m'mbali mwa khoma, ndi madontho a mankhwala amene wina anathira mpaka pa chitseko.

"Amene anachita apa amadziwa chimene amachita," anatero. "Koma chiswe chinali chitalowa kale m'katimu. Ankayenera kuchitsatira. Mukanandiitana mwezi wathawu, zambiri mwa izi zikanapulumuka."

A Kaputeni anakumbukira tiyi uja, ndi mawu amene anawadula pakati. Anakumbukira dzanja la mayiyo likuloza kuseri kwa shelefu. Mlongotiwo sanauthyole iye. Unali utadyeka patsinde, ukungodikira woyamba kuukhudza. Mkwiyo umene anauweta ngati galu masabata atatu unayang'ana uku ndi uku kusowa woluma. Unayesa kubwerera kwa mwana wawo: bwanji sanaumirire, bwanji sanangonena kuti chiswe? Koma ankadziwa amene anamenya tebulo ndi supuni. Pamapeto pake galuyo anatembenukira mwini wake.

Zinawatengera masiku ena anayi kuti ameze malovu. Lamlungu masana anavala jekete n'kukwera basi kupita kumene ana awo ankachita lendi, zipinda ziwiri kuseri kwa shopu yogulitsa matayala. Mpongozi wawo ndiye anatsekula. Anawalonjera mwaulemu wonse, anawapatsa mpando wabwino, n'kuwaikira madzi akumwa pa stulu. Iye anakhala pamphepete pa bedi, manja pamiyendo. Mwamuna wake anaima chotsamira khoma.

Mkuluyo anafotokoza za chiswe, za sitima zisanu ndi zitatu, za wopopera mankhwala. Analankhula nthawi yaitali za matabwa, chifukwa matabwa anali osavuta kuwatchula. Kenaka anati analakwa, mtima unawatsogolera, ndipo abwera kudzapepesa ndi kudzawatenga abwerere kunyumba.

Mayiyo anadikira mpaka atatsimikiza kuti amaliza.

"Za sitima ndinazitaya tsiku lomwelo, bambo. Ndinalowa m'chipinda chanu popanda chilolezo, pamenepo ndinalakwa ndine. Mukanandimenya mbama bwenzi nditaiwala." Mawu ake anali otsika, koma munali moto. "Koma mawu enawo simunawapange tsiku limenelo. Munali nawo kale. Zaka zonsezi mumadya chakudya changa, mukunditchula amayi, mawuwo ali pansi pa lilime. Ana awiri ndinawataya ine, magazi anali anga. Ndikhalenso nanu patebulo, ndiziyang'ana pakamwa pomwepo?"

A Kaputeni anatsekula pakamwa kuti akane. Anafuna kunena kuti sanaganizepo zotere, kuti ndi mkwiyo chabe. Koma mkwiyo sutola chimene m'nyumba mulibe, ndipo onse atatu ankadziwa. Anayang'ana kwa mwana wawo kuti mwina awathandiza. Mnyamatayo ankayang'ana pansi, nsagwada zitalimba.

Mayiyo anati wawakhululukira monga munthu wopemphera ayenera kuchitira, ndipo akadzadwala sadzawasiya okha m'chipatala. Koma m'nyumba ija sadzagonamonso. Atatero anapepesa kuti ali ndi zochapa, n'kutuluka.

Mwana wawo anawaperekeza kokwerera basi. Anayenda akulambalala milu ya matayala akale. Basi ikubwera, mnyamatayo anati aziwayendera akapeza mpata, koma asamayembekezere kuti abwera awiri. Anawonjeza kuti mkazi wake analira masiku asanu osapita kuntchito, ndipo iye sakudziwa ngati adzathe kuwayang'ana bambo ake monga kale. Kenaka anawathandiza kukwera.

Chiswe chinafa ndi mankhwala, mng'alu unamatidwa, mashelefu anasinthidwa. Matabwa amagulidwa, ndipo manja a a Kaputeni anali akadali ndi luso lawo: chaka chisanathe anali atamanganso sitima ziwiri, zabwino kuposa zoyamba. Koma ankazimanga m'nyumba imene ankamva mapazi awo okha. Mwana wawo ankabwera kamodzi pamwezi, kukhala theka la ola, n'kunyamuka tiyi asanazizire. Mpongozi wawo akakumana nawo mumsewu ankawalonjera bwinobwino, kufunsa za thupi, n'kupitiriza ulendo wake. A Kaputeni anatumiza mlongo wawo kukapepesanso, anatumiza m'busa, analemba ndi kalata yomwe. Yankho linali lomwe lija, laulemu ndi losasunthika.

Chimene chinathyoka m'manja mwa mpongozi chinali ndi guluu wake. Chimene chinatuluka m'kamwa mwa a Kaputeni chinalibe. Akuluakulu sananame pamene anati madzi akatayika saoleka.