Bedi Lomwe Linasesa Nyanja

Pakhonde la mayi wina wogulitsa nsomba, ntchito ya m'mawa inali imodzimodzi: kutola udzu muukonde. Mkamwini wawo, msodzi, akabwera kunyanja ankakhuthula nsomba uku, ukonde wodzaza udzu wa m'madzi uko. Mayiwo ndi mwana wawo wamkazi ankatola mpaka zala kuchita dzanzi.

Kenako mkamwini anagula injini ya boti. Udzu unkaikulunga n'kuizimitsa pakati pa madzi, anzake a nkhafi akumupitirira uku akuseka.

"Amayi, udzu umenewu ndiuchotsa," anatero.

"Mwawafunsa eni ake?"

"Eni ake ndani?"

"Nsomba, bambo. Zimaswera mmenemo. Kapena mumayesa zimachokera m'sitolo?"

Munthu wa injini sakangana ndi munthu wa dengu. Mkamwini anatenga bedi lachitsulo lakale lomwe linali kuseri kwa nyumba, n'kulimangirira kumbuyo kwa boti. Milungu itatu yathunthu analikoka pansi pa nyanja ngati akulima. Udzu unazuka ndi mizu yomwe. Asodzi anzake ataona ukonde ukutuluka wopanda chitsotso, anayamba kubwereka bedilo molandizana. Ngakhale lili latsopano silinatchukepo chonchi.

Chaka choyamba nsomba zinagwidwa zambiri poti zinalibe pobisala. Mkamwini ankayenda ngati nyanja anakumba yekha. Chaka chachiwiri madzi anasanduka matope, ukonde n'kumatuluka woyera ngati wochokera kochapa. Makasitomala amene mayi aja anawasunga zaka makumi awiri anayamba kudutsa pabenchi pawo akuyang'ana kumbali.

Tsiku lina mayi anapinda ukonde uja, kuuika m'dengu, n'kumuikira mkamwini pamiyendo.

"Nyamulani, tipite kumsika. Mukawauze anthu kuti ndi waukhondo. Mwina wina agula akakazinge."

"Amayi, komatu si ine ndekha ndinachita."

"Bedi linali langa, boti lanu. Enawo anangobwereka nzeru zanu, ndipo akubwezerani zonse."

Injini inagulitsidwa. Lero mkamwini amapalasa ndi nkhafi maola atatu kuti akafike tsidya lija kumene udzu udakalipo. Akabwera amakhala pakhonde n'kumatola yekha udzu muukonde. Mayi amangosankha nsomba zawo. Bedi lija linabwerera kuseri kwa nyumba, koma tsopano lili pa unyolo, kiyi wake ali m'chiuno mwa mayi.

Nsomba imabwera ndi udzu wake. Pajatu walira mvula, walira matope.