Sidoniya ndi Handulo Yopaka Gilizi

"Iwe Sidoniya, tayang'ana kuno. Njinga iyi usaigwire. Handulo iyi usailowetse. Ndipo phazi lako lisaponde njira ya kudambo, kuli galu wachiwewe. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Wamva chiyani? Tanena ndimve."

"Njinga ndisaigwire, handulo ndisailowetse, kudambo ndisapite."

Kuyankha anayankha bwino ndithu, koma maso ake anali pa handulo.

Bambo akewo, a Kampingo, anali okonza njinga pansi pa mtengo wa mthethe umene unali pabwalo pa nyumba yawo. Zaka makumi awiri manja ali bii ndi gilizi, koma anthu owapatsa ulemu sankakwana ndi asanu omwe. M'mawa wa tsiku limenelo kunabwera a Chatsika, alangizi a zaulimi, akukankha njinga yawo ya magiya. Kukhwapa anali atapanira handulo yatsopano yonyezimira, yokulunga m'mapepala ngati khanda. Moni sanapereke.

"Akulu, handulo iyi si ya pamsika panu pano ayi, yachokera ku Lilongwe," anatero a Chatsika, dzanja lili m'thumba. "Muichotse yakaleyi, muikepo iyi. Ndikadzapeza pokandika ngakhale pamodzi, mudzandidziwa."

"Chabwino bwana," anatero a Kampingo. Nanga wosauka amayankha chiyani china?

Atangomaliza kuchotsa handulo yakale ija, kunafika uthenga wa maliro kumudzi wa patsidya. A Kampingo anali m'gulu la adzukulu okumba manda, ndipo ntchito imeneyo sakana munthu. N'chifukwa chake anasiya njinga ili chiimire popanda handulo, n'kumusiyira mwana wawo malamulo atatu aja, n'kutenga khasu.

Patapita kanthawi, nawonso amayi ake, a Nangondo, anamanga chitenje kuti atsatire kumaliro. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Wawamva bambo ako, eti? Galu ameneyo dzulo waluma mbuzi ziwiri, ndipo amuna amusaka osamupeza. Ukhale pakhomo. Ukatsuka mbale, usese."

"Amama, ndamva kale. Mundiuza kangati?"

"Ndikuuza mpaka makutu akowo atseguke. Khosi ngati la bambo ako."

Anapita. Pakhomo panati zii.

Sidoniya anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ali Sitandade 6, ndipo mutu unali utakula kale. Ana a masiku ano akangodziwa kulemba dzina lawo m'kope, basi, makolo awo asanduka mbuli. Mbale anatsuka theka. Tsache sanaligwire n'komwe. Anapita pansi pa mthethe paja, n'kuvundukula mapepala, n'kuona nkhope yake pachitsulo chowalacho.

Ntchitoyo anali ataionerera kambirimbiri. Khosi la njinga, chitsulo chimene chimagwira handulo, lili ndi kamwa yozungulira yokhala ndi mng'alu, ndipo mng'aluwo amautseka ndi bawuti. Bambo ake ankayamba achotseratu bawuti. Kenako ankakhomera kamtengo kosema kosongoka mumng'alumo kuti kamwa ija iyasame pang'ono. Handulo ankaikulunga kansalu kopyapyala, n'kumailowetsa pang'onopang'ono, akuipotoza motsata kukhota kwake, osaikakamiza. Ikafika pakati ankasolola kansalu kaja, kupukuta paliponse kuti paume, kuzula kamtengo, n'kumanga bawuti mpaka mitsempha ya m'manja kuoneka.

"Chovuta n'chiyani pamenepa?" anadzifunsa Sidoniya. "Akabwera apeza ndamaliza. Aona kuti ine si wotsuka mbale chabe."

Anafunafuna kamtengo kaja m'bokosi la zitsulo, osakapeza. Bambo ake anali atapita nako m'thumba la buluku. Wina aliyense akanalekera pomwepo. Sidoniya ayi. Anachotsa bawuti, n'kulowetsa nsonga ya handulo mukamwa muja chouma chomwecho. Inayenda pang'ono, itafika pokhota inakana. Atakankha, chitsulo chinalira kuti kwee! Anaisolola msangamsanga, n'kuipenda padzuwa uku ndi uku. Mwamwayi sinakandike.

Apo m'pamene maso ake anagwera pa chitini cha gilizi.

Zimenezinso anali atauzidwa, osati kamodzi. "Gilizi malo ake m'mabelingi ndi patcheni," ankatero a Kampingo. "Pakhosi pamafuna pouma. Ukapakapo mafuta, wapha wokwerayo." Mawuwo anawakumbukira bwinobwino, koma anati m'mtima mwake, aa, nkhalamba zimangokonda kuopseza. Anaviika zala zitatu m'chitinimo, n'kupaka handulo yonse kuyambira kunsonga mpaka pakati, n'kupakanso mkati mwa kamwa muja. Atakankha, handulo inangoti tereru, kudutsa pokhota paja ngati mlamba m'matope. Osakandika ngakhale pang'ono.

Anaseka yekha. Anapukuta gilizi wa kunja ndi m'mphepete mwa siketi, wa mkati n'kumusiya momwemo. Anabwezera zogwirira mabuleki, n'kumanga bawuti ndi timanja take mpaka pamene mphamvu zake zinathera. Njinga inaima yokongola ngati ya m'sitolo.

Tsono njinga yoti wakonza wekha, osaiyesa?

"Ndingozungulira pabwalo pompano," anatero. Anazungulira kawiri. Bwalo linachepa. "Ndingofika pamsewu." Anafika pamsewu. Msewu unali wotsetsereka, wolowera kudambo, ndipo njinga ya magiya siili ngati zigubudu za bambo ake, inkangoyenda yokha. Mphepo inamuwomba kumaso, iye n'kuiwala zonse.

Pakati pa njira anakumana ndi bambo wina wachilendo akuyendetsa ngolo yodzaza mitolo ya udzu. Bamboyo anakweza chikwapu m'mwamba.

"Mwanawe, bwerera! Kumene ukupitako kuli galu wamisala, ndamuona ndi maso angawa pafupi ndi kamlatho. Bwerera, ndati!"

"Sangandipeze, ndili panjinga!" anakuwa Sidoniya, n'kudutsa.

"Mwana wa yani iwe wopanda makutu?"

Ngolo inapita, kulira kwa mateyala ake n'kuzimirira.

Kudambo kunalibe munthu. Mudzi wonse unali kumaliro. Udzu unali wautali mbali zonse ziwiri, njira ili yamchenga. Ngakhale mbalame sizinkalira. Sidoniya anayamba kupalasa pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamva kuti ali yekha.

Udzu unagwedera kutsogolo, pafupi ndi kamlatho.

Anatuluka galu wofiira, wowonda, nthiti zili pamtunda. Mchira anali ataupanira pakati pa miyendo, mutu uli pansi, dovu likulendewera kukamwa ngati ulusi mpaka kukhudza mchenga. Sanauwe. Galu wabwinobwino amauwa, munthu n'kudziwa chochita. Uyu anangoima, akudzandira, n'kudzutsa maso ofiira kumuyang'ana.

Sidoniya anatembenuza njinga. Tsopano msewu uja unali chitunda. Anapalasa. Kumbuyo anamva mapazi pamchenga, tsapa tsapa tsapa. Anapalasa kwambiri. Mapazi aja anayandikira, ndipo anamva kupuma kwake, kokhala ngati munthu wotsamwa. Anaimirira pamapedulo kuti aike mphamvu zonse, n'kukoka handulo ndi manja onse awiri.

Handulo inangoti tembenu m'khosi muja.

Zogwirira mabuleki zinaloza kumwamba, manja anapulumuka, chifuwa chinamenya pakhosi la njinga, iye n'kugwa chagada mumchenga kuti khu! Asanadzuke, galu anali pa iye. Anamenya ndi miyendo, akukuwa kuitana amayi ake, koma ndani akanamva? Mano analowa pakatumba ka mwendo wamanzere, kamodzi kokha. Kenako kunalira mbuzi m'udzu muja, galu n'kusiya mwendo, n'kuthamangira komweko akudzandira.

Sidoniya anadzuka akulira. Bala silinali lalikulu, timabowo tiwiri ndi kokalika. Koma taonani mwana wopusa: choyamba kuyang'ana si mwendo wake, koma handulo ya a Chatsika. Inali itagwera mumchenga wofewa, yosakandika. Anaibweza m'malo mwake ndi dzanja limodzi, n'kukankha njinga mpaka kunyumba akutsimphina. Anaipukuta yonse, n'kuiimika pamene inali. Pabala anamangapo kansanza, n'kuvala chitenje chofika m'mapazi.

Dzuwa litapendeka, makolo ake anabwera. A Kampingo, dothi la kumanda lidakali m'miyendo, anaima pansi pa mthethe. Anaika chikhatho pa handulo, n'kukankha pang'ono. Inatembenuka. Anapisa chala pamng'alu, chinatuluka chakuda.

"Sidoniya!"

"Wawa, ababa."

"Ndinati chiyani m'mawa?"

Anangozyolika.

"Gilizi pakhosi! Ukufuna undiphere munthu, andimange? Tsopano ndiyankhe bwino. Njinga imeneyi wakwera?"

"Ayi, ababa."

"Nanga mchenga uwu patcheni wachokera kuti?"

"Inagwa ndi mphepo."

"Mphepo," anatero a Kampingo. Anagwada kuti maso awo alingane ndi a mwanayo, mawu n'kutsika. "Tamvera, mwana wanga. Za handulo tithana nazo, imeneyo ndi ntchito yanga. Koma ngati wafika kudambo, nena. Galu ameneyo akangokukhudza ndi dzino, ngakhale kukala chabe, tiyenera kuthamangira jakisoni lero lomwe. Wakumana naye?"

Mwendo unkagunda pansi pa chitenje. Sidoniya anatsala pang'ono kuulula. Koma anaona lamba m'chiuno mwa bambo ake, anaona amayi ake ataima pakhomo manja ali m'chiuno, ndipo anaganiza kuti akavomera chimodzi, ndiye kuti wavomera zonse zitatu.

"Sindinapiteko."

"Nanga chitenje kutentha konseku?" anafunsa a Nangondo.

"Ndangofuna, amama."

A Kampingo sanamumenye n'komwe. Anamukhazika pansi kuti aonerere. Anachotsa handulo, n'kuitsuka ndi palafini, n'kutsukanso m'kamwa mwa khosi mpaka mouma. Anatulutsa kamtengo m'thumba, n'kukakhomera, n'kukulunga kansalu, n'kulowetsa mwa njira yake. Atamanga bawuti anaitsamira ndi thupi lonse. Sinasunthe.

M'mawa mwake a Chatsika anabwera, anaipenda handulo yawo uku ndi uku ngati akufuna nsabwe, n'kukwera n'kumapita. Zikomo sananene.

Patatha masiku atatu amuna anamupha galu uja ndi zibonga. Bala la Sidoniya linauma lokha. Anayambanso kupita kusukulu, kusewera fulaye ndi anzake, n'kumati m'mtima mwake, ndawapusitsa onse.

Sabata yoyamba inatha. Yachiwiri. Yachitatu. Yachinayi.

Sabata yachisanu, pachipsera paja panayamba kunyerenyetsa. Kenako mutu, kenako thupi kutentha. Amayi ake anati ndi malungo. Tsiku lachiwiri anamubweretsera madzi m'kapu, chifukwa milomo inali itauma gwaa. Sidoniya ludzu anali nalo, anatambasula dzanja. Koma atangoona madziwo, khosi linamangika, maso anatong'oka, anakankha kapu n'kukabisala kuseri kwa chitseko akunjenjemera.

A Nangondo anamugwira, n'kukweza siketi, n'kuona timabala tiwiri tija. Kukuwa kwawo kunamveka mpaka pamsewu.

A Kampingo anataya sipanala, n'kumukweza mwanayo pakaliyala ya njinga yawo yakale, n'kumumangirira kumsana kwawo ndi chitenje. Chipatala chinali kutali, ulendo wa maola atatu, dzuwa lili paliwombo. Pachitunda china anamva kamawu kumsana.

"Ababa."

"Ee, mwana wanga."

"Ndinakwera. Kudambo ndinapita. Anandiluma tsiku lomwe lija."

"Ndadziwa. Gwira zolimba."

"Simundimenya?"

A Kampingo anangopalasa, misozi ikusakanikirana ndi thukuta.

Kuchipatala adokotala anamuyang'ana mwanayo, anayang'ana chipsera, n'kuwatengera a Kampingo pambali. "Bambo, mukanabwera naye tsiku limene analumidwa, jakisoni akanamupulumutsa. Matendawa akafika poopa madzi, palibenso chimene tingachite. Tingomuchepetsera ululu."

Sidoniya anamwalira tsiku lachinayi, ali ndi ludzu, madzi ali pambali pake. Mtembo wake unabwera pangolo. Anzake a Sitandade 6 anaimba nyimbo ziwiri, mawa lake n'kubwerera kusukulu. Amayi ake mpaka lero sadutsa njira ya kudambo, amazungulira kutali ngakhale atasenza katundu.

Tsono ana inu, tsegulani makutu, chifukwa ine sindinyengerera mwana. Kholo lanu likati ichi usagwire, musagwire, ngakhale mutaona ngati mukuchidziwa kuposa mwini wake. Kuonerera ntchito si kuidziwa. Likati uko usapite, khalani pansi, ngakhale msewu utakoma bwanji. Ndipo mukalakwa, pakuti ndikudziwa mudzalakwa ndithu ndi mitu yanu youmayo, nenani tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Onetsani bala. Akakumenyani mulira, mugona, mawa mudzuka. Sidoniya anaopa lamba amene bambo ake sanamuvule n'komwe, ndipo sanadzukenso.