Dazi la Apongozi

Panali munthu wina, mwamuna wachikulire, amene anali ndi dazi. Dazi lakelo silinali lochita kufunafuna. Linayambira pamphumi n'kukathera kunkhongo, tsitsi n'kungotsala pang'ono m'mbali mwa makutu. Linamubwerera akadali mnyamata, anzake n'kumuseka kwambiri. Ndiye anagula chipewa chachikulu cha mlaza. Chikatha ankagula china. Kumunda chipewa, kumsika chipewa, pakhonde chipewa. Ana a m'mudzimo anakula osadziwa kuti mutu wa mkuluyo ndi wooneka bwanji.

Inu mukudziwa kuti mwamuna salowa m'tchalitchi chipewa chili kumutu. Choncho Lamulungu likafika, mkuluyo ankakhala panja, pamwala umene unali pansi pa zenera, n'kumamvera ulaliki ali pomwepo. Ena ankati ndi kudzichepetsa. Ena ankati ndi matama. Koma anali manyazi chabe, manyazi amene munthu anakalamba nawo.

Mkuluyo anali ndi mwana wamkazi mmodzi. Mwanayo anatomeredwa ndi mnyamata wa m'mudzi woyandikana nawo, mmisiri wofolera nyumba. Mnyamatayo anali waulemu, wolimbikira ntchito, koma analinso wotchena. Chipeso sichinkachoka m'thumba mwake. Akatsika padenga ankayamba wapesa tsitsi asanamwe ngakhale madzi. Chinkhoswe chinachitika, anthu anavina, ndipo kunangotsala ukwati wa kutchalitchi.

Tsiku lina mtengo wa denga unathyoka, mnyamatayo n'kugwa chamutu. Anamutengera kuchipatala ali chikomokere. Kumeneko anamumeta, anamusoka, ndipo Mulungu anamuchitira chifundo, anachira. Koma anabwerako ndi chipsera chachitali, chochokera pamwamba pa khutu mpaka paliwombo. M'mbali mwa chipseracho tsitsi linakana kumera. Mbali ina linkamera, mbali ina ayi. Iye anaona kuti bola kumangometa mpala mutu wonse. Atameta anadziyang'ana pagalasi, ndipo sanadzizindikire. Nkhope inali yakuda bwino ndi dzuwa la padenga, koma mutu unali wotuwa, chipsera chili mbee pakati pake. Anagula chipewa cha ulusi, chija timavala nthawi yozizira, n'kuchikokera mpaka m'makutu.

Nthawi ya ukwati itayandikira, mnyamatayo anatuma ankhoswe ake kukanena kuti ukwati uyambe waima, thupi silinabwerere. Akuchikazi anamvetsa. Miyezi inapita, ankhoswe anabweranso ndi mawu omwewo. Apa anthu anayamba kunong'ona. Munthu wodwala amakwera padenga? Munthu wodwala amasenza matumba a chimanga? Ena anati wapeza wina kutauni. Amalume a mtsikanayo anakwiya, nati ngati mawu amenewa abweranso, chinkhoswe chithe, mwana wawo si mbuzi yomangirira pachikhomo. Mtsikanayo anaonda. Ankaphika, koma iye osadya.

Mkulu wadazi uja ankangoyang'ana. Mnyamatayo ankabwerabe kudzathandiza ntchito kumunda kwa apongozi ake, monga achitira mkamwini wabwino. Tsiku lina kunawomba kamvuluvulu. Mnyamatayo anaponya khasu pansi, manja onse awiri n'kuthamangira kumutu. Mkuluyo anaona zimenezo ali chapatali, ndipo mtima unamupweteka, chifukwa nayenso manja ake anali kumutu. Anadziwa kuti palibe mkazi wa kutauni. Mnyamatayo ankaopa kuima kutsogolo kwa mpingo wonse mutu uli pamtunda.

Nanga akanatani? Mkamwini ndi apongozi sakhala pamphasa imodzi n'kumakambirana za m'thupi. Akakumana panjira amapatukirana. Akafuna kulankhulana, mawu amadzera kwa ankhoswe. Ndipo nkhani ngati iyi ukaituma kwa ankhoswe, pofika madzulo ili pachitsime. Mkuluyo anasowa pogwira. Mwana wake ankafota iye akuona, mankhwala akuwadziwa, koma pakamwa pali pomangidwa ndi mwambo.

Inafika nyengo yososa, dzuwa lili phwee. Mkuluyo anaitana dima. Mkazi wake anaphika thobwa, ndipo anthu anabwera ambiri, amuna ndi akazi, ana akutsatira pambuyo. Mkamwini naye anabwera, chipewa cha ulusi chili kumutu, thukuta likuyenderera m'khosi. Anatenga mzere wake kumapeto, kutali ndi apongozi.

Ntchito itafika pakati, mkuluyo anaimika khasu. Anayenda kupita pachitsa chimene chinali pakati pa munda. Anavula chipewa chake, nachikoleka pachitsapo. Kenako anabwerera pamzere wake n'kuyamba kulima.

Abale anga, dazi limene lakhala mumthunzi theka la moyo wa munthu si chinthu choti ungachione n'kupirira. Nkhope inali bii, mutu uli mbuu ngati chikho chongosemedwa kumene, ndipo pamphumi panali mzere woonetsa pamene chipewa chinkalekezera. Mayi wina analephera kudzigwira. Anaphulika, ndipo munda wonse unatsatira. Amuna anagwira m'mimba. Ana anathamanga kudzaonera pafupi. Wina anafuula kuti mwezi watuluka masana. Mkazi wa mkuluyo anaphimba nkhope ndi chitenje.

Mkuluyo sanakwiye ndipo sanathawe. Anapukuta thukuta nati, “Sekani, abale, sekani mumalize. Mutuwu ndaumana dzuwa nthawi yaitali. Nawonso ndi wa Mulungu.”

Anthu anaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma kuseka kuli ndi polekezera. Atatopa anatola makasu awo, mkuluyo ali patsogolo, dazi likung'anima.

Mnyamata uja yekha ndiye sanaseke. Anaima chilili, khasu lili m'manja, akuyang'ana msana wa apongozi ake. Anamvetsa kuti dima lija silinaitanidwe chifukwa cha munda. Misozi inalengeza m'maso mwake. Anakweza dzanja pang'onopang'ono, navula chipewa cha ulusi chija, n'kuchiika m'thumba.

Anthu anacheuka, naona mpala ndi chipsera. Koma phwete lonse anali atalithera pa mkulu uja. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mayi amene anayambitsa kuseka uja anayandikira, nayang'anitsitsa chipseracho, nati, “Kodi bala lake linali lotere? Mwanawe, iwe unali utapita. Mulungu ngwamkulu.” Ena anavomera, ndipo ntchito inapitirira.

Musaganize kuti mkuluyo sanalipire. Madzulo a tsikulo dazi linatentha ngati lapsa ndi moto. Patapita masiku linayamba kusupuka. Mkazi wake ankalidzoza mafuta a nsatsi uku akumukalipira kuti munthu wamkulu sayamba ndi dzuwa la masana, akanayamba ndi la m'mawa. Iye ankangoseka. Chipewa anayamba kuchivala dzuwa likakula basi, monga achitira munthu aliyense wanzeru, osatinso chobisalamo. Pang'ono ndi pang'ono mitu iwiri ija inada, n'kufanana ndi nkhope za eni ake. Chipsera sichinachoke, koma chinasiya kukuwa.

Ankhoswe anabweranso, ulendo uno ndi tsiku la ukwati. Mtsikana uja anayambanso kudya. Pa tsikulo mkwati anaima kutsogolo mutu uli wometedwa bwino, wodzola mafuta, ndipo amayi ena anati mpala wamukhala kuposa tsitsi lija. Bambo wa mkwatibwi anakhala pabenchi la kutsogolo, m'kati mwa tchalitchi.

Mwambo utatha, mnyamatayo anapita pamene panali apongozi ake. Sanafike pafupi. Anagwada chapatali, nawerama, n'kuomba m'manja nthawi yaitali. Mawu amene anatuluka anali ochepa. “Zikomo, bambo. Ndinaona.”

Mkuluyo anayang'ana kumbali, monga mwa ulemu wake, nayankha kuti, “Zikomo ndinu, bambo. Pakanapanda inu, ine ndikanafera panja pa zenera.”

Fanizo langa lathera pamenepo. Tsono ndikufunseni, inu amene mwakhala apa. Ndani anavula chipewa chake chifukwa cha inu? Alipo. Mwina ndi mayi amene anakuuzani za kugwa kwake kuti inu musadzione ngati ndinu woyamba kugwa. Mwina ndi mnzanu amene analola kusekedwa kuti maso a anthu achoke pa inu. Anthu otere sachita phokoso, n'chifukwa chake timawaiwala msanga. Ine ndikawakumbukira anga, mtima wanga umadzaza ndi kuthokoza. Ngati wanuyo akali moyo, musadikire kuti mudzavule chipewa bokosi lake likamadutsa. Pitani lero, mukagwade, mukamuuze kuti munaona.