Loboti Losadziwa Kuletsa

Panali munthu wina m'tauni ina, dzina lake Yotamu, amene ankakonza maloboti a pamsewu. Musaseke, imeneyonso ndi ntchito. Nyale zija mumaziona pamphambano, yofiira pamwamba, yachikasu pakati, yobiriwira pansi, sizidzisamala zokha. Pali munthu amene amakwera makwerero kukapukuta fumbi, kusintha mababu, ndi kutchera nthawi m'kabokosi kachitsulo ka m'mbali mwa msewu, kuti mbali iyi ikamapita, inayo izidikira. Yotamu anali munthu ameneyo, ndipo ntchito yake ankaidziwa bwino. Ndanenera pachiyambi pomwe kuti wina asadzati nkhaniyi ndi ya mbuli.

Mphambano imene anamupatsa inali yoopsa. Msewu waukulu unkatsetsereka kuchokera kumtunda, wodzaza malole a simenti ndi a mafuta, n'kudzadula kamsewu kochokera kumsika. Asanaikepo maloboti, anthu ankafapo. Ataika, pamalopo panazizira, moti amayi anayamba kugulitsa nthochi pamene kale ankatolapo mitembo.

Ntchitoyo inali ndi lamulo lake. Loboti likadwala, iwe ulibe chokonzera, uzimitse mphambano yonse, uphimbe nyale zonse ndi ziguduli, uitane apolisi a pamsewu adzayendetse magalimoto ndi manja. Loboti lophimbidwa silinamiza munthu. Aliyense akaliona amadziwa kuti lero ayang'ane yekha. Ndipo ngati papholo patsala babu limodzi, malo ake ndi m'nyale yofiira, chifukwa yobiriwira ikafa anthu amachedwa, koma yofiira ikafa anthu amafa. Yotamu lamuloli ankalidziwa pamtima. Anyamata atsopano pantchitoyo ankawaphunzitsa ndi iyeyo.

Koma anali ndi kachilema kamodzi: ankakonda kutamidwa ngati mwana akondera shuga. Maloboti a anzake ankavala ziguduli kawirikawiri, ndipo iye ankawaseka, amvekere maloboti anu akhuza maliro a yani. Ake anali asanavalepo. Madalaivala a maminibasi ankamutcha Injiniya, ndipo akamva dzinalo ankayenda ngati msewuwo anaupanga yekha.

Munthuyu anali ndi mng'ono wake, Lameki, bambo wa mwana mmodzi, amene anachoka kumudzi kudzayesa za m'tauni. Pomuperekeza, mayi awo anauza Yotamu kuti ndakupatsa wamoyo, umusunge. Lameki anayamba kabaza wa njinga yamoto, kunyamula anthu kuchokera kumsika kuja, ndipo pamphambano ya mkulu wakeyo ankadutsapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Akabaza mumawadziwa, ena mwakhala nawo muno. Kwa iwo loboti ndi chokongoletsa msewu. Amangofika, kuponya diso uku, kuponya diso uko, fyuu, apita. Koma Yotamu anakhazika mng'ono wake pansi tsiku loyamba lomwelo.

"Ikakhala yofiira, ima, ngakhale msewu uli zii," anamuuza. "Ikakhala yobiriwira, pita, usachewuke. Pamphambano iyi amakonza ndine."

Lameki mawuwo anawatenga ngati a m'Baibulo. Yofiira ikayaka ankaima gwa, wokwera akudandaula kumbuyo, anzake akumudutsa n'kumamuseka. Anamupatsa dzina lakuti Abusa. Iye sankalabada. Koma mvetsetsani mbali inayi: yobiriwira ikayaka, Lameki sankachewuka. Achewukirenji? Maso ake anali atawapereka kwa mkulu wake, ndipo moyo wake unkapachikika papholo lija tsiku lililonse.

Zinthu sizimaonongeka tsiku limodzi. Mbali yoyang'ana kumtunda, kumene kumachokera malole, inali ndi mapholo awiri monga mwa lamulo, kuti lina likafa linzake lizilankhula. Lole ina inagwetsa limodzi, ndipo silinadzutsidwenso. Papholo lotsalalo, babu la nyale yachikasu Yotamu analichotsa kukathandizira mbali ina, akuti adzabwezeretsa. Sanabwezeretse. Panatsala awiri, lofiira ndi lobiriwira.

Tsiku lina masana, nthawi yoweruka itayandikira, lobiriwira linapsa.

Tsopano lobotilo linkangodziwa kuletsa. Yofiira ikazima, pholo lonse linkangoti bii. Dalaivala wakutsogolo ankadikira yobiriwira imene sinkabwera, akumbuyo n'kumangoliza mahutala, iye n'kuyamba kukwawa mwamantha, ndipo asanadutse ambiri yofiira yabweranso. Mzere wa magalimoto unafika mpaka pamwamba pa chitunda. Zinali zotopetsa, inde, zinali zokwiyitsa. Koma palibe amene akanafa nazo.

Yotamu anathamangira kosungira katundu. Anamuuza kuti mababu atha, abwera mawa m'mawa. Anabwerera pamphambano ndi makwerero ake. Ziguduli zinali m'chikwama mwake momwemo, foni yoitanira apolisi inali m'thumba. Anaima pansi pa pholo lija, dzanja lili m'chikwama, atagwira kale chiguduli.

Pamenepo kondakitala wina anatulutsa mutu pawindo la minibasi.

"Injiniya, nzeru zatha? Livekeni chiguduli tizipita kwathu!"

Anthu anaseka chikhakhali, mpaka amayi a nthochi omwe. Yotamu anatulutsa dzanja m'chikwama muja lopanda kanthu. Anakwera makwerero. Anatsegula galasi lofiira, n'kupotokola babu lija likadali lotentha, ataligwira ndi kansalu kopukutira thukuta. Anatsika sitepe imodzi, n'kulilowetsa m'nyale yobiriwira.

Inayaka kuti ngwee. Magalimoto anayenda. Anthu anaomba m'manja, ena akuimba mluzu, kondakitala uja akukuwa kuti Injiniya ndi mmodzi basi.

Abale anga, ine ndikamainena nkhaniyi thupi limachita tsembwe. Munthu wodziwa, wophunzitsa anzake, ndi manja ake omwe! Analanda loboti mawu amodzi amene ankasunga anthu, n'kulisiyira mawu okoma okhaokha. Mumtima ankadziuza kuti aliyense wamutu wabwino adziwa kuti ngati siyobiriwira ndiye kuti aime. Ankadziuzanso kuti ndi mpaka mawa basi. Ndipo madzulo amenewo zinaoneka ngati zoona, chifukwa mzere unali wautali, aliyense ankatsatira wakutsogolo, ndipo ambiri anali ataona zimene anachita.

Akupinda makwerero, Lameki anatulukira kuchokera kumsika, n'kuima pambali. Anafunsa ngati zonse zinali bwino. Yotamu akanatha kumuuza. Mawu ochepa chabe, akuti mawa uziyang'ana kumtunda. Koma kuti anene zimenezo kunali kuvomera pamaso pa mng'ono wake, anthu akumva, kuti Injiniya waphwanya lamulo. Ndiponso mbali ya Lameki nyale zonse zitatu zinkayaka bwinobwino, ndiye anaona ngati za kumtunda sizimukhudza.

"Zili bwino, pita," anatero.

Kutacha, Yotamu anadzera kosungira katundu. Mababu anali atafikadi. Anaika limodzi m'thumba la ovolosi, koma sanafulumire. Anzake anali atamva za dzulo, ena akupukusa mitu, ena akumutama kuti ndi wochenjera, ndipo iye anakhala pansi kuti awafotokozere bwino mmene anthu anaombera m'manja.

Nthawi imeneyo lole ya simenti inali ikutsika chitunda. Dalaivala wake anali wakutali, dzulo lija kunalibe. Anayang'ana pholo ali patali, n'kuona lili bii. Tsono inu, kwathu kuno munthu akaona loboti lili bii amaganiza chiyani? Amaganiza kuti magetsi azima, monga amazimira. Ndipo magetsi akazima, aliyense amadziwa kuti wa msewu waukulu ndiye amadutsa, wa kamsewu amadikira. Dalaivalayo sanali woledzera, sanali wamisala. Anawerenga pholo lija monga tonsefe tikanawerengera, ndipo sanaponde buleki.

Kukamsewu kuja kunali akabaza atatu. Awiri anali aja osamvera loboti. Anaponya maso kumtunda monga mwa chizolowezi chawo, n'kuona chilole chikubwera ndi liwiro, ndipo anaponda pansi. Wachitatu anali Lameki. Iye maso anali papholo la mbali yake, akudikira moleza mtima. Yofiira inazima, yobiriwira inayaka.

Anapita. Sanachewuke.

Anzake anakuwa kuti Abusa, Abusa, koma mawu anachedwa. Phokoso lake linamveka mpaka mkati mwa msika. Amayi a nthochi anagwira kumutu, pakamwa pali yasa. Tamverani zimenezi: osamvera aja anatsala amoyo, ataimirira ndi njinga zawo. Amene anagona pamsewu anali yekhayo womvera.

Yotamu anafika ndi makwerero paphewa, babu lili m'thumba. Anaona khamu. Anaona njinga yopindika pansi pa lole, n'kuizindikira ndi kampando kofiira kamene anasoka mlamu wake, mkazi wa Lameki. Makwerero anagwa okha.

Dalaivala uja anali atagwada pakati pa anthu, malaya atang'ambidwa, akulumbira kuti loboti linali lozima. Anthu anakweza maso kuti aone. Nthawi yomweyo yobiriwira ija inayaka kuti ngwee. Anamutcha wabodza, amvekere si iyo ikuyaka, ndipo ena anatola miyala. Babu limene linapha munthu ndi lomwe linkaikira umboni wotsutsa wosalakwa.

Lameki anali akupumabe. Wina anali atamufunditsa chitenje m'miyendo, pamene sipanali poyang'anika. Yotamu anagwada, n'kuika mutu wa mng'ono wake pamwendo. Lameki anatsegula maso, anamuzindikira, ndipo nkhope yake inagwa ngati ya mwana amene wapezeka ataswa mbale.

"Achimwene, mundikhululukire," anatero motsitsa. "Ine ndinaona ngati yobiriwira. Kaya ndi maso angawa." Anapuma movutika. "Amayi musakawauze kuti ndinalumpha loboti."

Mwamva? Munthu akufa, anakayikira maso ake omwe, koma ntchito ya mkulu wake sanaikayikire. M'mutu mwake munalibe malo oti pholo la achimwene linganame.

Yankho Yotamu anali nalo. Linali pakamwa, linalinso m'thumba la ovolosi, likumubaya pantchafu. Akanangoti, inalidi yobiriwira mng'ono wanga, sunalakwe, wolakwa ndine. Anayang'ana Lameki. Anayang'ana miyala imene inali m'manja mwa anthu. N'kumuuza kuti asalankhule, galimoto yopita kuchipatala ikubwera.

Galimotoyo inafika Lameki atatsirizika. Anapita akudziimba mlandu.

Timati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Apa anadya wamkulu, zinapota mwana. Apolisi analanditsa dalaivala uja. Masana omwewo Yotamu anakwera makwerero, n'kubwezeretsa babu m'nyale yofiira, ndipo inayaka bwinobwino. Palibe anaomba m'manja. Mawa lake ananyamula bokosi kupita nalo kwa mayi amene anamupatsa Lameki ali wamoyo.

Tsono inu amene takuikani lero kukhala akulu a mpingo uno, ndikuonani mwavala masuti, mukumwetulira, ndipo n'zabwino. Koma kuyambira lero anthu ena asiya kuchewuka chifukwa mwanena ndinu. Adzabwera ofuna ukwati wosalongosoka, adzabwera olemera ofuna kuti muwatsekere maso, ndipo mukati ima adzakutukwanani, mukati pita adzakuomberani m'manja. Ine sindikuopera amakani, amenewo amayang'ana okha. Ndikuopera ofatsa, aja amakhala kumbuyo uko, amene mawu anu amawatenga ngati a m'Baibulo. Tsiku limene mudzaone kuti pakamwa panu sipakuthanso kutulutsa mawu akuti ima, musatipusitse ndi kuwala. Bwerani mudzatiuze, mutule pansi udindo, muvale chiguduli, tidziwe kuti tiziyang'ana tokha. Manyazi a chiguduli amatha. Lameki wina ali muno, ndipo sadzachewuka.